Kodi Woperekeza Wamfuti Amateteza Yani?

Pachikhalidwe chathu mlendo sabwerera yekha. Timamperekeza kuti asasochere ndiponso kuti asakumane ndi zoopsa panjira. Masiku ano maiko ambiri amatumiza ndege zankhondo kukaperekeza ndege yonyamula anthu ikalandidwa ndi zigawenga, kapena woyendetsa wake akasiya kuyankha pawailesi. Kodi woperekeza wotereyu ali ndi phindu lanji kwa amene ali paulendo?

Poyamba tivomereze kuti mumlengalenga msilikali sangatuluke m'ndege yake n'kukalowa m'ndege inzake. Pa 14 Ogasiti 2005 ndege ya Helios yochokera ku Cyprus inasiya kuyankha chifukwa mpweya unachepa m'kati mwake ndipo anthu anakomoka. Ndege ziwiri za F-16 za dziko la Greece zinaipeza, asilikaliwo n'kuona woyendetsa mmodzi ali chikomokere pampando wake, koma analibe chochita. Mafuta atatha ndegeyo inagwa, ndipo anthu onse 121 anafa.

Komabe tisafulumire kunyoza ntchitoyi. Msilikali amakhala maso a akuluakulu amene ali pansi, chifukwa amawauza zimene akuona, ndipo amatha kulondolera ndege kubwalo loyenera. M'chaka cha 2014 wachiwiri kwa woyendetsa ndege ya Ethiopian Airlines, imene inkapita ku Rome, anailanda n'kulowera nayo ku Geneva. Ndege zankhondo za Italy ndi France zinaiperekeza, ndipo inatera popanda wofa.

Chovuta n'chakuti woperekezayu amanyamula zida. Pa 11 Seputembala 2001 zigawenga zinasandutsa ndege zinayi kukhala zida ku America, ndipo anthu pafupifupi 3,000 anafa. Kuchokera pamenepo ena amati ndi bwino kuwombera ndege yolandidwa, ochepa afe kuti ambiri apulumuke. Dziko la Germany linakhazikitsa lamulo lololeza zimenezi m'chaka cha 2005, koma chaka chotsatira khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linathetsa gawo limenelo. Linagamula kuti boma lilibe ufulu wopha anthu osalakwa pofuna kupulumutsa ena.

Chigamulochi chinali chanzeru. Moyo wa munthu si thumba la chimanga loti tiike pasikelo n'kuona mbali yolemera. Kuwonjezera apo, wowomberayo sadziwa za mumtima mwa amene akuuluka patsogolo pake. M'chaka cha 1983 ndege yankhondo ya Soviet Union inagwetsa ndege ya ku South Korea imene inangosochera, ndipo anthu 269 anathera pomwepo. Akuluakulu anati mbuzi ikalawa zamchere sigwirika. Boma likazolowera kupha osalakwa m'dzina la chitetezo, ndani adzaliletse mawa?

Choncho ndege yankhondo iziperekeza ndithu, iziona, izichenjeza ndi kusonyeza njira. Koma woperekeza akapha mlendo pofuna kuteteza mudzi, dzina lakuti woperekeza lamchokera.