Manja Awiri, Ngakhale Mphatso Ichepe

Agogo athu ambiri sankadziwa tsiku lawo lobadwa. Ukawafunsa ankangoti anabadwa chaka cha dzombe, kapena pa njala ya 1949. Lero ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale m'maboma, mwana wa zaka zisanu amalidziwa tsiku lake, ndipo mumtima amakhala atasankhiratu: njinga, kagalimoto koyendera mabatire, mwinanso foni. Ndiye azakhali atulukira ndi juzi ya pakaunjika, agogo atula kathumba ka mtedza. Mwana asuzumira, kenako ali ndwii. Wina amachita kufunsa, alendo onse akumva: "Basi zomwezi?"

Makolo anali nawo malangizo a kalandiridwe. Chinthu chochokera kwa wamkulu chimalandiridwa ndi manja awiri, kapena ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono. Mtsikana amagwada, mnyamata amanjuta, onse n'kuwomba m'manja ndi kunena zikomo. Kutsomphola ndi dzanja limodzi uli chiimire unali mwano. Izi ambiri timazikumbukira. Chimene taiwala n'chotsatira chake. Mwana sankamasula mphatso pomwepo. Ankapita nayo kwa amayi ake kukaonetsa, amayiwo n'kutuluka kukathokozanso. Ngakhale ndiwo zochokera kwa anansi zinkabwera m'mbale yovundikira, ndipo panalibe wovundukula wobweretsayo akuona. Kaya muli nkhuku kaya therere, zikomo wake anali yemweyo.

Pamenepa panali nzeru. Mwana sanafike potha kubisa nkhope, choncho mwambo unkamupatsa mpata wokakhumudwira kuseri, kumene mayi akanamulangiza mofatsa. Ife tachotsa mpatawo. Timamukhazika pakati pa bwalo, mafoni ali m'mwamba kujambula, n'kumuuza kuti ang'ambe mapepala okutira mphatso limodzilimodzi. Akalakwitsa timam'kalipira ngati mayesowo anadzipatsa yekha. Kunena zoona, mphatso zikanamadikira alendo abalalike, theka la vutoli likanatha.

Kwatsalako ndi kum'konzekeretsa phwando lisanayambe. Sindikunena zom'phunzitsa bodza, zoti azilumpha n'kumati wakondwa pamene sanakondwe. Ana amazindikira msanga kuti akulu akuwatuma chinyengo. Mawu oona alipo okwanira: "Zikomo azakhali pondikumbukira." "Agogo, mwavutika, mawa musatope." Akuthokoza munthuyo, ndipo pamenepo sananame. Ndi bwinonso kumuuza kumene mphatso yachokera: kuti mtedzawo agogo anadzala okha, anapalira, anakumba, anathothola ndi kuyanika, n'kulipiranso minibasi kuti afike nawo. Ana a m'tauni amaganiza kuti chilichonse chimangotengedwa pashelefu. Akadziwa thukuta lake, ena mwa iwo amachita manyazi okha popanda wowakalipira.

Koma chovuta kwambiri chili kwa ife akulu. Paukwati timamvera mwachidwi wolengeza akutchula ndalama zimene aliyense waponya pa perekaniperekani, ndipo pobwerera timakambirana za amene anaponya zochepa. Phwando la mwana likatha, alendo atangotuluka pageti, bambo amanyamula juzi ija n'kuitembenuza, mayi n'kuseka: "Ndi ndalama zonse ali nazo zija, achemwali anu akatigulire ya pakaunjika?" Mwana amene amuuza masana kuti agwade ali pomwepo, akunyambita keke, ndipo wamva zonse.