Malire a injini ndi a yani?

Injini ya galimoto yamakono imalamulidwa ndi kakompyuta kamene amakaniko amangokatchula kuti ECU. Ntchito yake yaikulu ndi kusankha zinthu ziwiri, kambirimbiri pa sekondi iliyonse: kuchuluka kwa petulo wolowa m'silinda, ndi nthawi imene pulagi iyenera kuthetheka. Mayankho ake kamawapeza m'matebulo a manambala amene mainjiniya a kampani analembamo galimoto isanatuluke m'fakitale. Kuti petulo apse yense bwinobwino, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, koma injini ikamakoka mwamphamvu kakompyutako kamathira dala petulo wochulukirapo kuti m'silinda musatenthe kwambiri. Pulagi ikathetheka mofulumirirako mphamvu imawonjezeka; ikafulumira mopitirira, petulo wotsala amaphulika yekha moto usanamufike, injini n'kuyamba kugogoda, ndipo kugogodako kukapitirira kumaswa mapisitoni. Kutchuna kompyuta ndi kusintha manambala amenewa, kuwasendezera kufupi ndi pamene ngozi imayambira.

Chitsanzo chabwino ndi Mini Cooper S imene kampani ya BMW inkapanga ku Oxford kuyambira 2002 mpaka 2006. Injini yake, ya malita 1.6, inkachokera ku Brazil, ndipo inali ndi supercharger ya Eaton M45, chipangizo chopopera mpweya wochuluka m'masilinda. Kapangidwe kake n'kakale zedi: kanachokera kwa Philander ndi Francis Roots, pachibale pawo, a ku Connersville m'boma la Indiana, amene analembetsa luso lawo lopopera mpweya mu 1860. Galimotoyi inayamba ndi mphamvu ya akavalo 163, ndipo mu 2004 inakwezedwa kufika 170. Supercharger imasiyana ndi turbo pa mfundo imodzi yofunika kwa wotchuna. Turbo imazungulitsidwa ndi utsi wotuluka m'injini, choncho kompyuta ikhoza kuilamula kuti ipope mpweya wochulukirapo. Supercharger imakokedwa ndi lamba, ndipo liwiro lake limadalira kukula kwa kawilo kamene lambayo amazungulirapo. Kompyuta payokha siingawonjezere mpweya wochuluka pamenepa. N'chifukwa chake eni magalimoto otere amayamba ndi kuika kawilo kocheperako ndi 15 kapena 17 peresenti. Mpweya umachulukadi, koma umafikanso wotentha kwambiri, ndipo matebulo aja analembedwa poganizira mpweya wakale uja. Pa galimoto imeneyi pampu ya madzi imazungulitsidwa ndi supercharger yomweyo, kotero kawilo kakachepa nayonso imathamanga kuposa mmene anaipangira.

Apa ndi pamene pamabuka funso lopitirira umakaniko. Pakati pa mphamvu imene kampani inalola ndi mphamvu imene chitsulo chingapirire pali mpata. Kodi mpatawo ndi chuma cha mwini galimoto chimene kampani inamubisira, kapena ndi mbali ya chinthu chimene iye anagula?

Otchuna ali ndi umboni wooneka. Mini ija ikaikidwa zida zokwezera mphamvu za John Cooper Works inkafika akavalo 200, kenako 210, ndipo mtundu wa GP wa mu 2006, umene anapanga magalimoto 2,000 okha, unafika 218. Ku America, General Motors inkagulitsa Chevrolet Cobalt SS ya akavalo 205, kwinaku ikugulitsanso yokha zida zoikwezera mphamvu. Zikuonetsa kuti malire oyamba aja sanali a chitsulo ayi. Anali chisankho cha anthu, ndipo mbali ina ya chisankhocho inali ya malonda. Komabe umboni womwewo uli ndi nkhope ina. Zida za John Cooper Works sizinali manambala okha. Zinkabwera ndi mutu wa injini wokonzedwanso, paipi ina ya utsi, ndipo pambuyo pake ma injector akuluakulu othira petulo. Mphamvu yowonjezerayo inali ndi mtengo wake, ndipo wina anaulipira m'zitsulo.

Tanthauzo la mpata uja limamveka bwino poganizira zimene wopanga sadziwa. Injiniya wolemba matebulo sadziwa amene adzagule galimotoyo. Ina idzathera m'chisanu cha ku Oslo, ina m'ng'anjo ya ku Phoenix. Ina idzamwa petulo wa octane 95 kugombe ku Durban, ina wa 93 ku Johannesburg, pamalo okwera mamita oposa 1,700 pamene mpweya ndi wopepuka. Ina idzakhala ya munthu wosintha oyilo pa nthawi yake, ina ya wonyalanyaza. Mpatawo uli ngati chimanga chimene banja limasiya m'nkhokwe ngakhale chaka cha zokolola zambiri: mlendo angaone ngati chikungowonongeka, pamene mwini akuwerengera chaka chimene sanachionebe. Kunena mwachidule, mpatawo ndi kuvomereza kwa wopanga kuti pali zambiri zimene sangazidziwiretu.

Wotchuna wabwino amachita zosiyana ndi zimenezi, ndipo si kupusa. Iye ali ndi galimoto imodzi patsogolo pake, yomangirira pa dyno, makina oyezera mphamvu pa mateyala. Amadziwa petulo amene mwini amathira, amayeza mpweya ndi petulo mu utsi, amamvetsera kugogoda. Umbuli wa wopanga amausinthanitsa ndi chidziwitso cha galimoto iyi yokha, ndipo malinga ndi chidziwitsocho ali ndi chifukwa chochepetsera mpata. Vuto n'lakuti chidziwitso chake ndi cha tsiku limenelo. Manambala amakhalabe m'kompyuta petulo akasintha, intercooler yoziziritsa mpweya ikadzaza fumbi, pampu ya petulo ikayamba kutopa. Ndipo pali kusiyana kwakukulu, kumene otsatsa malonda satchula kawirikawiri, pakati pa kutchuna kotere ndi fayilo yogula pa intaneti imene inalembedwera galimoto ya munthu wina: fayiloyo imachotsa mpata popanda kubwezerapo chidziwitso chilichonse.

Aristotle, m'buku lake la Nicomachean Ethics, anaphunzitsa kuti ubwino wa chinthu umaonekera pa kugwira bwino ntchito imene chinthucho chinapangidwira. Otchuna amakonda mfundo yotereyi, poti galimoto ya liwiro iyenera kuthamanga. Koma injini ili ndi ntchito zingapo zimene zimakokanakokana: mphamvu, kukhalitsa, kusamwa mafuta ambiri, utsi woyera, kulira m'mawa kukazizira. Palibe manambala amene angazikweze zonse pamodzi. Wotchuna sakuvundukula galimoto yeniyeni imene inabisika m'kati mwa ya m'fakitale; akungosankha kusakaniza kwina kwa zabwino zomwezo. Aristotle yemweyo ananenanso kuti muyezo woyenera umadalira munthu ndi nyengo, ndipo amaupeza ndi wanzeru zoona mmene zinthu zilili. Mfundoyi imapatsa mwini ufulu wosankha, komanso imamufunsa ngati nzeruzo alidi nazo.

Pa za umwini, John Locke analemba mu 1689 kuti chinthu chimakhala cha munthu iye akasakaniza nacho thukuta lake. Ogulitsa ndi ogula onse angadzitchinjirize ndi Locke: kampani inakhetsa thukuta polemba pulogalamu, mwini anakhetsa thukuta popeza ndalama zogulira. Ku America mkanganowu unafika ku boma. Lamulo la DMCA la mu 1998 limaletsa kuthyola loko wa pulogalamu yotetezedwa, ndipo mu 2015 General Motors ndi John Deere anaumirira kuti wogula amapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamu ya m'galimoto kapena m'thalakitala, koma pulogalamuyo si yake. Mu Okutobala chaka chomwecho, mkulu wa Library of Congress analola eni kutsegula mapulogalamuwo pofufuza vuto, pokonza, ndi posintha mosaphwanya malamulo ena, ndipo chilolezocho chinayamba kugwira ntchito patatha chaka.

Chodabwitsa n'chakuti bungwe loteteza chilengedwe la EPA linali litatsutsa chilolezochi, poopa kuti eni adzasokoneza zoyeretsa utsi. Patangopita miyezi yochepa kuchokera pamene linatsutsa, mu Seputembala 2015, bungwe lomwelo linalengeza kuti Volkswagen inaika m'magalimoto a dizilo pulogalamu yozindikira nthawi imene galimoto ikuyesedwa, n'kumatulutsa utsi woyera nthawi yokhayo. Magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anakhudzidwa, ndipo chinyengocho chinatulukira chifukwa ofufuza a ku West Virginia University anayeza utsi pamsewu weniweni. Wotchuna wamkulu wosaona mtima pa nkhani imeneyi anali wopanga mwiniwake. Kuyambira pamenepo n'kovuta kunena kuti manambala a m'fakitale ndi opatulika, kapena kuti loko amateteza anthu nthawi zonse. Nthawi zina amangoteteza wobisa.

Chikhristu chimayang'ana umwini mwa njira ina: munthu ndi kapitawo wa zimene ali nazo. Fanizo la matalente pa Mateyu 25 limadzudzula wantchito amene anakwirira chuma chifukwa cha mantha, ndipo wotchuna angapezemo chilimbikitso. Koma fanizo lomwelo limathera pa kuwerengera, ndipo funso la kapitawo ndi lakuti pa zimene zili m'manja mwake, ndi ziti zimene angathe kuziika pachiswe. Mapisitoni ndi ake; akaswa, alira yekha. Mpweya wa mumsewu si wake. Kuthira petulo wambiri n'kuchotsa catalytic converter yoyeretsa utsi, kenako n'kuuza kompyuta kuti isayatse nyale yochenjeza, ndi kutenga mbali ya mpata imene inasiyidwira oyenda pansi ndi ana a m'mphepete mwa msewu. N'chifukwa chake lamulo la Clean Air Act la ku America limaletsa zimenezi ngakhale pa galimoto imene munthu anamaliza kulipira. Ku Germany, kusintha mphamvu ya injini kumafuna kuti oyendera magalimoto monga a TÜV avomereze, n'kulembedwa m'mapepala a galimotoyo, apo ayi chilolezo chake choyendera pamsewu chikhoza kutha. Ku Britain, wobisira a inshuwalansi kusintha kotere akhoza kukanidwa chipukuta misozi pa ngozi.

Munthu wina amene lamulo limamufikira movutikira ndi wogula wachiwiri. Magalimoto a Mini a m'zaka zija tsopano adutsa m'manja ambiri, ena awoloka nyanja kupita kumaiko a petulo ndi nyengo zina. Kawilo kakang'ono makaniko akhoza kukaona atatsegula boneti, koma manambala osinthidwa saoneka ndi maso. Wogulayo amalandira injini imene inatchunidwira petulo wa octane 98 ndi dalaivala wosamala, pamene iye akuganiza kuti ili ndi mpata wonse wa m'fakitale. Otchuna ena amasunga fayilo yoyamba ya galimoto n'kuibwezera asanaigulitse, kapena amapereka pepala lofotokoza zimene anasintha ndi petulo amene injiniyo ikufuna tsopano.