KALATA YA MNZAKO

Pamene dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu m'caka ca 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 ali onse sanali kudziwa kuwerenga ndi kulemba. Munthu akafuna kutumiza mau kwa mbale wake ku Halale kapena ku Joni, anali kupempha wina kuti amlembere kalata. Lero kunabwera mafoni, koma vutoli silinathe. Wosadziwa kuwerenga amapereka foni kwa mnzake kuti amwerengere uthenga. Motero cinsinsi cake cimakhala m'manja mwa wina.

Tiyeni tiyerekeze anyamata awiri a ku Tsangano. Anaweta mbuzi pamodzi. Amagona m'gowelo limodzi. Amathandizana kukumba mbatata ya kacewere. Mmodzi anaphunzira sukulu, wina sanaphunzire. Tsono wosaphunzirayo afuna kupita ku Furancungo, m'boma la Macanga, kukagwira ganyu m'minda ya fodya. Asanapite auza mnzake kuti, "Acimwene, pali mtsikana amene ndimfuna. Mundilembere kalata, mukampatse. Akayankha mudzandiwerengere." Koma mtsikanayo ndi yemweyo amene wolemba kalata amamkonda mumtima, osauza munthu.

Kodi mnyamata ameneyu acite ciani? Ali ndi njira zitatu.

Njira yoyamba ndi yacinyengo. Angathe kulemba mau oipa m'kalatamo. Angathe kuibisa. Angathe kusintha yankho powerenga. Mnzake sangazindikire, popeza sadziwa zilembo. Koma uku ndi kuba. Wakuba mbuzi amaba usiku mwini ali m'tulo. Wakuba mau amaba masana, mwini ali kumyang'ana ndi kumthokoza. Akulu anati cibwenzi ca nkhwangwa cikoma pokwera. Potsika mumtengo nkhwangwa ija amangoiponya pansi. Mnyamata wotaya mnzake cifukwa waona mtsikana ali ndi cibwenzi cotere.

Njira yaciwiri ndi kukhala cete. Alembe kalata yokoma, akaipereke, cikondi cake acikwirire. Ambiri adzati uyu ndiye bwenzi lenileni. Koma tiganize bwino. Cikondi cokwiriridwa sicifa msanga. Cimasanduka nsanje. Mawa adzayamba kumzemba mnzake, ndipo mnzakeyo sadzadziwa cimene analakwa. Ndiponso pali munthu wacitatu amene waiwalika. Mtsikanayo sanafunsidwe. Wangosiyidwa kwa wina ngati munda wobwereketsa.

Njira yacitatu ndi kulankhula asanagwire colembera. Anene kuti, "Acimwene, kalata iyi sindingailembe ndi mtima woyera, cifukwa inenso ndimamkonda. Pemphani wina akulembereni." Njira iyi ndi yowawa. Mnzake angakwiye. Mwina miyezi idzapita osalankhulana. Mwinanso cibwenzi cidzatha. Koma palibe amene wanamizidwa. Mkwiyo wa pa coonadi umapola. Bala la bodza ndilo limacedwa kupola, cifukwa munthu akakunamiza kamodzi umayamba kukayika zonse zimene anakuuzapo kale.

Ine ndiona kuti njira yacitatu ndiyo yolungama. Kukhulupirika sikutanthauza kucita ciri conse cimene mnzako wakupempha. Kutanthauza kuti mnzako angathe kudalira mau ako, ngakhale pamene mauwo samkondweretsa. Wofuna kusunga mtsikana ndi mnzake yemwe mwa kubisa, adzataya onse awiri. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Ena adzati, "Nanga si mwamuna ayenera kusunga cinsinsi?" Inde, ayenera. Mnyamata wathuyu sayenera kulengeza pamsika za mumtima mwa mnzake. Koma kusunga cinsinsi ca mnzako ndi cinthu cina, kumbisira mnzako coonadi ndi cinthu cinanso. Makolo athu anadziwa zimenezi. Ndi cifukwa cake nkhani za ukwati anaziika m'manja mwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuti ziyende poyera ndi mboni.

Tisaiwalenso msinkhu wa mtsikanayo. M'caka ca 2019 dziko lathu linakhazikitsa Lamulo nambala 19/2019. Lamuloli liletsa ukwati ndi citomero kwa mwana amene sanakwane zaka 18. Lilanganso akuluakulu amene akonza kapena kuvomereza ukwati wotere. Tsono ngati mtsikanayo ali ndi zaka 15, ndipo kalatayo ndi yomnyengerera kuti asiye sukulu, bwenzi labwino likana kuilemba. Kukana kotere sikupereka mnzako. Ndi kumtsekera njira ya ku ndende, ndi kumsungira mtsikanayo tsogolo lake.

Ngati onse ndi a msinkhu, mwini yankho ndi mtsikana. Angasankhe uyu, angasankhe uyo, angakane onse awiri. Wokanidwa alandire. Iyi ndi nchito yolimba kuposa kusenza thumba la mbatata kukwera nalo phiri, koma ndiyo imaonetsa kuti mnyamata wakula.

Pomaliza, pali mphatso imodzi imene wophunzira angampatse mnzake. Akhale naye pansi madzulo, amphunzitse a, e, i, o, u. Tsiku limene adzalemba yekha kalata yake, sadzafunanso kubwereka dzanja la munthu wina. Mtsikana nayenso akadziwa kuwerenga, palibe amene adzamsinthire mau.

Mafunso okambirana

1. Kodi inu mukadakhala mnyamata wolemba kalatayo, mukadasankha njira iti? Cifukwa ciani?
2. Kodi ndi cinsinsi cotani cimene tiyenera kusunga, nanga ndi cotani cimene tiyenera kuulula?
3. Kodi makolo ndi atsibweni angathandize bwanji acinyamata pa nkhani zotere?
4. Lembani m'kope mwanu mau awa: bwenzi, kalata, cikondi, coonadi.