Kodi Kudziyerekezera ndi Ena Kumavulaza Motani Maganizo?

PA Facebook ndi Instagram, anthu kaŵirikaŵiri amasonyeza mbali zokondweretsa zokha za moyo wawo: zovala zatsopano, maulendo, ndi mapwando. Wopenyerera angayambe kuona moyo wake kukhala wopanda pake. Kodi ngozi yake njaikulu motani?

Mu 2021, nyuzipepala ya The Wall Street Journal inavumbula kuti ofufuza a kampani ya Facebook yeniyeniyo anapeza kuti Instagram inachititsa atsikana ena kuipidwa kwambiri ndi maonekedwe a matupi awo. Mu 2023, dokotala wamkulu wa boma la United States, Vivek Murthy, anachenjeza kuti achichepere othera maola oposa 3 patsiku pamalo ochezera otero ali pangozi yoŵirikiza kaŵiri ya kuchita tondovi ndi nkhaŵa.

Msampha umenewu suli watsopano. Mfumu Sauli anali atapambana nkhondo, komabe pamene akazi a Israyeli anatamanda Davide koposa iye, chimwemwe chake chinazimiririka. Nsanje inamdya kufikira anafuna kupha mtumiki wake wokhulupirikayo. (1 Samueli 18:6-11) Mpake kuti lemba la Miyambo 14:30 limayerekezera nsanje ndi nthenda yovunditsa mafupa!

Chotero mtumwi Paulo analangiza Mkristu aliyense kupenda ntchito zake, osati kudzipima ndi mnzake. (Agalatiya 6:4) Mkristu wanzeru amadziikira malire a nthaŵi, naleka kupenyerera zinthu zomsiya ali wolefuka. Ngati kupsinjika maganizo kupitirizabe, sayenera kuchita manyazi kuuza wokhulupirira mnzake wachikulire kapena dokotala. Ndithudi, Mulungu samaŵerenga unyinji wa otamanda munthu. Chimene amapenda ndicho mtima.—1 Samueli 16:7.