Mangawa a Munthu kwa Ciweto Cosalankhula

Mwana akadwala anena pamene pamuwawa, koma galu ndi mphaka alibe mau. Nanga mwini nyumba ali ndi mangawa otani kwa colengedwa cimene cimlondera usiku, kapena cimpirikitsira makoswe m'nkhokwe?

Ambiri ati galu ndi galu, adzacira yekha pakudya udzu. Koma Buku la Miyambo, mutu 12, liyesa cilungamo ca munthu ndi masungidwe ace a zoweta. Iye wolandira nchito ya ciweto ayenera kukhalanso pakamwa pace, ndipo udindo umenewu uyamba ndi maso. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwini wodekha atukula mlomo wa galu nayang'ana nkhama. Zikakhala zofiirira, mwazi uli bwino. Zikayera mbuu, mwazi wacepa, kawiri kawiri cifukwa ca nthenda ya nkhupakupa kapena njoka za m'mimba. Ubweya wosothoka ndi kukanda kosaleka zisonyeza mphere kapena utitiri. Mphaka abisa zowawa zace. Akaleka kudya ndi kudzinyambita, nabisala kumdima, wadwala ndithu. Wamphongo wolephera kukodza angafe m'masiku awiri kapena atatu.

Komatu cifundo copanda nzeru ciphanso. Mbulu umodzi wa Panadol, umene uthandiza munthu, ukhoza kupha mphaka. Kuzindikira kuti ciweto cadwala ndi gawo la mwini; kuchula nthendayo ndi kupereka mankhwala ndi gawo la dokotala wa ziweto. Wodzicepetsa adziwa malire awa.

Nthenda yolemetsa mlanduwu koposa ndiyo ciwewe. Galu wofatsa akasanduka waukali mwadzidzidzi, nacuca dovu, nalephera kumeza, munthu asapise dzanja m'kamwa mwace. Atsekeredwe, ndipo a ziweto auzidwe msanga. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, nathamangire kucipatala, pakuti zizindikiro zikayamba kuoneka m'thupi, imfa siilewekanso. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pakumbayitsa katemera m'caka ca 1885, ndipo agalu nawonso ali ndi katemera wao. Wosabayitsa galu wace, kapena wombisa atadwala, aika pangozi mwana wa mnansi wace.

Cotero kuyang'anira ciweto si cabe kukonda nyama ai. Maso ozolowera kuona zowawa za galu sadzalambalala zowawa za munthu.