Kodi Kukonda Mwana Ndiko Kumpatsa Chimene Afuna?

Mlandu umene ndifuna tiuweruze mwezi uno uoneka waung'ono, koma ukhudza moyo wa ana athu. M'midzi yathu ya kuno ku Mpingu, kufikira ku Namitete ndi ku Nsaru, muli ana ambiri okana ndiwo zamasamba ndi nyemba. Amake akaphika bonongwe kapena nkhwani wotendera, mwana afulatira mbale, nalirira tiyi wa shuga kapena zotsekemera za kugolosale. Tsono kholo lokonda mwana wake lichitenji? Limlekerere, kapena limkakamize?

Ena ati, Mlekeni, akakula adzadya. Natchula mwambi wa makolo wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha. Mwambi uwu ngwanzeru pa zinthu zimene mwana akhoza kuona yekha kuipa kwake. Koma pa chakudya sugwira ai, pakuti chofota pamenepa ndi thupi la mwanayo, ndipo iye sadziwa kuti alikufota. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka 5 m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Nsima ikhutitsa mimba, koma payokha siimanga thupi. M'chaka cha 1933 dotolo wamkazi Cicely Williams, ali ku Gold Coast, dziko limene lero litchedwa Ghana, analongosola nthenda ya ana oletsedwa kuyamwa ndi kudyetsedwa chimanga chokhachokha: miyendo itupa, tsitsi lifiira, mwana akhala wokwinyirira. Nthendayi tiidziwa ifenso, ndipo ambiri aiyesa tsempho. Chotero kulekerera mwana kuoneka ngati chifundo, koma kawirikawiri kuli ulesi wa kholo losafuna kumva kulira.

Ena ati, Mgwireni manja, mumthire phala m'kamwa, akakana, mkwapuleni. Awanso alakwa. Mwana wodyetsedwa alikulira akhoza kutsamwa. Ndiponso chakudya chimene anachilandira ndi misozi adzadana nacho kufikira ukulu wake. Mphamvu itsegula pakamwa, koma siikhoza kupatsa mwana chilakolako cha kudya.

Nanga njira yoona ili kuti? Tiyambe kuzindikira kuti lilime liphunzira monga liphunzira dzanja kugwira khasu. Chimanga chimene tichiyesa chathu chinachokera ku America. Makolo athu akale anali kudya mapira ndi mawere, nachizolowera pang'onopang'ono. Momwemonso mwana. Odziwa za kadyedwe ka ana atiuza kuti mwana afunika kulawa chakudya chachilendo kakhumi kapena kupitirira asanachikonde. Akakana lero, musanene kuti sadya. Mumpatsenso mkuja, pang'ono pokha, ndi nkhope yosekerera. Atakwana miyezi 6 ya kuyamwa bere lokha, muziika m'phala mwake nsinjiro, dzungu, masamba osinja kapena ufa wa usipa. Phala la Likuni, limene litenga dzina la mishoni ya pafupi nafe, lili ndi nzeru yomweyo ya kusakaniza chimanga ndi soya. Ndipo musamkhutitse zotsekemera nsima isanapse, pakuti mimba yake njaing'ono.

Koma mlandu waukulu uli pa ife akulu. Alangizi a zaumoyo atiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Zambiri mwa izi zili m'minda ndi m'madimba athu omwe, pakuti dziko lathu lino libala mtedza, soya, mbatata, mango ndi mapapaya. Nanga bwanji tigulitsa mtedza wonse ndi mazira onse kumsika, ana natsala ndi nsima ya mchere? Inu abambo, mukakankha mbale ya chisoso ndi kunena kuti ndiwo zotere nzaumphawi, mwana wanu alikuona. Mukadya nokha nyama yonse ndi kumsiyira msuzi, alikuonanso. Sangakonde chimene atate wake achinyoza. M'mera mpoyamba.

Mau a Mulungu atikumbutsa kuti pachiyambi Mlengi anapatsa munthu zomera ndi zipatso zamitundumitundu zikhale chakudya chake. Kuphunzitsa mwana kuzilandira ndi chiyamiko kuli mbali ya kumlera m'Chikhristu. Ndipo tikumbukire mmene Atate wathu wa Kumwamba achitira nafe: satipatsa zonse tizipempha, satikankhiranso zabwino zake ndi ndodo, koma atileza mtima, natipatsanso mawa chimene tinachikana dzulo.

Chifukwa chake ndiyankha kuti kukonda mwana ndiko kumpatsa chimene thupi lake lisowa, ndi kupirira naye kufikira atachikonda yekha. Ntchito iyi njochedwa, ndipo ifuna mai ndi bambo pamodzi. Ambuye atipatse kuleza mtima kotere m'nyumba zathu.