Kodi mjigo ndi mphatso?

Tsiku lotsegulira mjigo kumudzi kwathu, amayi anga anavina mpaka chitenje kumasuka. Kenako anagwada pamaso pa phungu wathu: "Zikomo bwana, mwatikumbukira." Ine manyazi anandigwira.

Mjigowo unamangidwa ndi ndalama za CDF, zimene boma limatumiza kudzera ku khonsolo. Ndalamazo ndi zathu zomwe, msonkho umene timadula ngakhale pogula mayunitsi a foni. Ndiye munthu n'kumagwadira wina chifukwa wakubwezera chako?

Ndondomeko ya mphamvu ku anthu inabwera mu 1998, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 makhansala kunalibe n'komwe. Zaka zonsezo tinazolowera kuti chitukuko chimabwera m'galimoto ya phungu basi.

Madzulo ndinawafunsa amayi. Anaseka. "Iwe, ukuyesa sindikudziwa? Tikapanda kuvina, mlatho upita kwa anzathu amene avina."

Ndinasowa chonena. Kugwada kuja ndinkakuyesa umbuli, kumachita amayi anali atawerengera kale. Sindikuvomerezabe, ayi. Koma kudzudzula n'kosavuta uli m'tauni, madzi akutuluka pampopi. Amene ankadzuka m'bandakucha kukatunga kudambo, ndowa pamutu, anali iwowo.